Ku Broumov, m'nyumba imene amonke anasiya

Lachitatu, panjira yochokera ku Prague

Ndanyamuka ku Prague m'mawa uno kulowera kumpoto chakum'mawa, ku tauni yaing'ono ya Broumov, imene ili m'kachigawo ka dziko la Czechia kolowerera mu Poland, moti malire a mayiko awiriwa akuizinga pafupifupi mbali zitatu. Chimene chandikokera kumeneko ndi nyumba yaikulu ya amonke a chipani cha Benedict Woyera. Masiku ano simukhalanso mmonke ndi mmodzi yemwe, koma nyumbayo imalandira alendo, oimba, olemba mabuku ndi ana asukulu, ndipo munthu akhoza kulipira n'kugona m'chipinda chimene munkagona mmonke. Popeza tchuthi changa ndi chachifupi, ndinaona kuti n'kwabwino kukhala malo amodzi n'kuwadziwa bwino kusiyana ndi kuthamangathamanga m'mizinda yambiri.

Tikiti ya sitima sinafike makoruna 400 (koruna ndi ndalama ya m'dziko lino), ndipo sitima yoyamba, yodzera ku Hradec Králové ndi ku Jaroměř, inali yaukhondo ndi yosadzaza. Zinthu zinasintha nditatsika pa Starkoč, kasiteshoni kapakati pa minda kamene munthu sangakhulupirire kuti n'kosinthirapo sitima. Tinakwera kasitima kakang'ono koyendera dizilo, ndipo titangoyenda mphindi zochepa kanaima pa Václavice, kenaka kanayamba kuyenda chafutambuyo. Mtima unandigunda, ndipo ndinaimirira n'kuyamba kutsitsa chikwama, koma mayi ena achikulire amene anakhala moyang'anizana nane anandigwira mkono n'kundilozera mpando, akubwereza dzina la Broumov uku akugwedeza mutu. Njanji za pamenepa zinalumikizana mokhota, kotero sitima yopita ku Náchod imayenera kusintha mutu.

Kuchokera pamenepo mayiwo sanandisiyenso. Anatulutsa m'kathumba timikate tozungulira tokhala ndi tchizi chofewa chotsekemera pakati, timene amatitcha koláč, ndipo anandipatsa tiwiri osandifunsa ngati ndili ndi njala. Tinalibe chilankhulo chotigwirizanitsa, iwo Chicheki ndi Chijeremani pang'ono, ine Chingerezi ndi moni wa Chicheki basi, komabe anandilozera pawindo mafakitale akale a nsalu a ku Náchod ndi ku Hronov. Pa Teplice nad Metují, pamene achinyamata a zikwama zakumsana anatsika chigulu kupita kukaona matanthwe otchuka a ku Adršpach, anandifunsa ndi manja ngati nanenso nditsike, ndipo nditakana anaoneka odabwa ndithu. Iwo anatsika pa Meziměstí.

Siteshoni ya Broumov ili m'munsi, m'chigwa cha mtsinje wa Stěnava, ndipo munthu akamakwera mtunda wopita m'tauni nyumba ya amonke imamuonekera pamwamba pa thanthwe, khoma lake lalitali litadzaza mawindo m'mizeremizere, nsanja za tchalitchi zitatulukira pamwamba pa denga. Ndinafika pakhomo ndili wefuwefu. Chipinda chimene ndapatsidwa ndi chopaka laimu, muli bedi, tebulo ndi mpando, ndipo khoma ndi lochindikala kwambiri moti pawindo pali malo okwanira munthu kukhalapo n'kupinda miyendo. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi kholido. Ndi yaitali, magetsi ake amayaka okha munthu akamadutsa n'kuzimanso kumbuyo kwake, ndipo nsapato zanga zikumveka ngati pali wina amene akunditsatira. Masitolo ambiri anali atatseka kale pamene ndinatuluka kukafuna chakudya, kupatula kagolosale ka banja lina lochokera ku Vietnam, kumene ndinagula buledi, tchizi ndi maapozi. Tsopano ndi 9 koloko usiku ndipo kunja kudakali kowala.

Lachinayi, m'kati mwa nyumba ya amonke

Ndagona tulo tofa nato, mantha a dzulo aja osandikumbukiranso. Ulendo wozungulira nyumbayi unayamba 10 koloko, ndipo gulu lathu linali la mabanja a kuno ndi a ku Poland, ine ndekha wochokera kutali. Wotiyendetsa anali mtsikana wa kuyunivesite amene akugwira ganyu ya patchuthi. Ankalankhula Chicheki, koma anandipatsa mapepala a Chingerezi okutidwa ndi pulasitiki, ndipo nthawi iliyonse gulu likamasuntha ankatsalira pang'ono kuti andiyankhe mafunso.

Mbiri ya malo ano ndi yaitali kuposa makoma amene akuoneka lero. Amonke a ku Břevnov ku Prague, nyumba yakale kwambiri ya amonke aamuna m'dziko lino, imene inakhazikitsidwa mu 993, anapatsidwa malo kudera lino ndi mfumu Přemysl Otakar I mu 1213, ndipo m'zaka zotsatira kunabwera anthu olankhula Chijeremani amene anagwetsa nkhalango n'kutsegula midzi. Pamene otsatira Jan Hus, mlaliki wa ku Prague amene ankadzudzula Mpingo wa Katolika, anatentha Břevnov mu 1420, mkulu wa amonke anathawira kuno ndi anthu ake ndi mabuku awo, ndipo kwa zaka mazana angapo mphamvu zawo zinali ku Broumov. Moto wa mu 1684 utawononga malo ano, tchalitchi chinakonzedwanso ndi Martin Allio, koma maonekedwe amene nyumbayi ili nawo tsopano ndi a pakati pa 1727 ndi 1733, pamene mkulu wa amonke Otmar Zinke analemba ntchito Kilián Ignác Dientzenhofer, mmisiri amene ntchito zake zili ponseponse ku Prague.

Kamangidwe kameneka, kotchedwa Baroque, thupi limayamba kukamva mutu usanakamvetse. Titangoponda m'tchalitchi cha Vojtěch Woyera aliyense anakweza mutu popanda womuuza, ngakhale ana amene ankakangana panja anakhala chete kwa kanthawi. Palibe khoma limene linasiyidwa lopanda kanthu. Angelo a pulasitala akusuzumira kuchokera pamwamba pa zipilala, masamba opaka golide akukwera kuzungulira zithunzi za oyera, ndipo kudenga kuli zithunzi zojambulidwa pa pulasitala weniweniyo, zozunguliridwa ndi zokongoletsa zoyera zopotanapotana. Ndinayandikira mngelo mmodzi amene anali m'munsi pang'ono, ndipo ndinaona kuti chala chake china chinathyoka, m'kati mukuoneka kawaya kadzimbiri kamene mmisiri anaumbirapo dzanjalo zaka pafupifupi 300 zapitazo. Kawaya kameneko ndinakayang'ana nthawi yaitali kuposa guwa la nsembe.

Zonsezi zinali ndi cholinga. Mpingo wa Katolika, utataya anthu ambiri kwa Apulotesitanti, unkafuna kuwakokanso kudzera m'maso ndi m'makutu, ndipo kwa anthu a ku Broumov nkhani imeneyi si yongomva kutali. Apulotesitanti a m'tauni muno anamanga tchalitchi chawo podalira kalata ya mfumu Rudolf II ya mu 1609 yopereka ufulu wa chipembedzo, koma mkulu wa amonke Wolfgang Selender anati malowo ndi a amonke ndipo tchalitchicho chitsekedwe, ndipo nthumwi za m'tauni zimene zinapita ku Prague pa nkhaniyi zinatsekeredwa m'ndende. Mkangano umenewu, pamodzi ndi wina wofanana nawo wa m'tauni ya Hrob, unali pakati pa zimene zinakwiyitsa akuluakulu a Chipulotesitanti mpaka anaponya nduna ziwiri za mfumu ndi mlembi wawo pawindo la nyumba yachifumu ku Prague pa 23 Meyi 1618. Apa ndi pamene panayambira Nkhondo ya Zaka 30, imene inasakaza chigawo chapakati cha Ulaya mpaka 1648. Akatolika atapambana m'dziko lino, golide ndi angelo amene ndaona lero ankauza aliyense wolowa pakhomo kuti mwini dera ndani.

Ndinafunsa mtsikanayo kumene ndalama zomangira zonsezi zinachokera, ndipo anandiyankha mosabisa kuti amonke anali eni midzi yonse yozungulira. Alimi ankapereka msonkho ndi kugwira thangata m'minda ya amonke masiku oikika, ndipo thangatayo inathetsedwa m'dziko lino mu 1848. Ndinayamikira kuti sanazembe funsolo. Munthu akamayang'ana denga lotere n'kosavuta kuiwala misana imene inanyamula miyala ndi laimu kukwera nazo thanthwe lija limene ine ndinapumira kawiri ndi kachikwama chabe.

M'chipinda chodyera amonke ndi mmene akuonetsa chinthu chimene alendo ambiri amadzera. Mu 1999 anthu anapeza m'tchalitchi muno bokosi lobisika lokhala ndi nsalu yaitali kupitirira mamita 4, imene ndi kope la nsanda yotchuka ya ku Turin m'dziko la Italy, imene ambiri amakhulupirira kuti anakulungiramo thupi la Yesu. Kopeli ndi la mu 1651, ndipo linali mphatso ya bishopu wamkulu wa ku Turin kwa Matouš Ferdinand Sobek, mkulu wa amonke a nyumba ina ya ku Prague, amene pambuyo pake anakhala bishopu wamkulu wa ku Prague. Chithunzi cha thupi chimaoneka mwachizimezime, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mayi ena a ku Poland anachita chizindikiro cha mtanda pamene ena tonse tinkajambula ndi mafoni. Laibulale ili ndi mabuku pafupifupi 17,000, ndipo imanunkhira chikopa ndi fumbi lakale. Kumeneko nkhani inali ya buku limene kulibe: Codex Gigas, buku lolembedwa pamanja lolemera makilogalamu pafupifupi 75, limene anthu amalitcha Baibulo la Mdyerekezi chifukwa cha chithunzi chachikulu cha mdyerekezi chimene chili m'katimo. Linasungidwa kuno kuchokera pamene amonke anathawa ku Břevnov mpaka 1594, pamene Rudolf II analitengera ku Prague, ndipo asilikali a ku Sweden analilanda mu 1648. Lero lili ku Stockholm.

Masana ndinadya chakudya cha tsikulo pamalo odyera apafupi ndi chipata: supu wa adyo, kenaka nyama ya ng'ombe mu msuzi woyera wa kirimu ndi ndiwo zamasamba, imene amaitcha svíčková, pamodzi ndi knedlíky, zidutswa za mkate wophika panthunzi zopitira msuziwo. Zonse pamodzi ndi chakumwa chawo cha Kofola zinapitirira pang'ono makoruna 200. Anthu a patebulo loyandikana nane ankamwa mowa wa Opat, umene amafulula ku Olivětín, m'mphepete mwa tauni yomwe ino, kumene amonke ankafululira wawo.

Lachisanu, mvula

Mvula yayamba usiku ndipo sinakate mpaka masana, choncho ndinalowa nawo pamzere wopita m'zipinda zapansi, kumene kuli mitembo youma yochokera ku tauni ina yotchedwa Vamberk. Mitembo imeneyi, yokwana 34, ndi ya anthu a m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 amene anaikidwa pansi pa tchalitchi cha tauni imeneyo, kumene mphepo youma yodutsa m'mandamo inawaumitsa m'malo moti awole. Chinyezi chitayamba kuiwononga, anaisamutsira kuno mu 2000. Mzere unali wautali kuposa wa dzulo.

Sindinakhalitsemo. Nkhope zikuoneka, manja ndi opingasa pachifuwa, ena adakali ndi zidutswa za zovala, ndipo ine, amene ndinakulira kumene munthu sadutsa pamanda popanda chifukwa, ndinavutika kuona bambo akunyamula mwana wake kuti aone bwino. Ndikumvetsa kuti kusamutsako kunapulumutsa mitemboyo, ndipo ndikudziwa kuti matikiti a pamzere umenewu ndi amene amathandiza kufolera denga. Komabe anthu amenewa anaikidwa m'manda ndi abale awo amene ankalira, ndipo palibe anawafunsa ngati akufuna alendo.

Chimene chandikhudza kwambiri lero ndi nkhani imene palibe anaimira pamzere. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, anthu olankhula Chijeremani, amene anali ochuluka kwambiri m'dera lino, anathamangitsidwa m'dziko mu 1945 ndi 1946, ndipo amonke a Chijeremani anapita nawo n'kukakhazikika ku Rohr m'chigawo cha Bavaria ku Germany, kumene chipani chawo chilipobe. Kenaka boma la chikomyunizimu, usiku wa pa 13 Epulo 1950, linayamba kuthyola nyumba za amonke m'dziko lonse, ndipo amonke ndi ansembe oposa 2,000 anasonkhanitsidwa m'malo ochepa olonderedwa. Broumov inali imodzi mwa malo amenewo. Pambuyo pake munatsekeredwa asisitere a zipani zosiyanasiyana, amene ankawagwiritsa ntchito m'mafakitale ndi m'minda, ndipo asisitere a chipani cha Dominic Woyera anakhalamo mpaka 1990, akuphika timikate ta Ukaristia ta maparishi a m'dziko lino. Mtsikana wa dzulo uja anatchula zimenezi tili m'kholido, koma anthu a m'gulu lathu anamufunsa za mdyerekezi ndi za nsanda, za asisitere ayi. Chipinda chimene ndikulemberamo mawu ano chili m'nyumba yomweyo, ndipo kuyambira masana ndikuyang'ana chitseko changa ndi maso ena.

Mvula itakata ndinatsikira kumanda a tauni, kumene kuli tchalitchi chamatabwa cha Maria Virigo, chomangidwa cha m'ma 1450, chimodzi mwa matchalitchi amatabwa akale kwambiri m'dziko lino. Chili ndi khonde lozungulira nyumba yonse, ndipo m'khondemo muli miyala ya pamanda ndi matabwa olembedwa m'Chijeremani. Ndinapezako agogo ena aamuna akuthirira maluwa pamanda, ngakhale mvula inali itangogwa kumene, ali ndi mdzukulu wawo wamkazi amene amadziwa Chingerezi. Atamva kumene ndikugona anaseka n'kunena kuti pa unyamata wawo palibe akanalipira kuti agone m'menemo. Makolo awo anabwera kuno nkhondo itatha n'kupatsidwa nyumba ya banja la Chijeremani, ndipo iwo amakumbukira asisitere akuyenda awiriawiri m'mawa kupita kuntchito. Anafunsa kwathu, ndipo mdzukuluyo atawauza kuti ndi ku Africa, nkhope yawo inawala. Anati fakitale ya nsalu ya m'tauni muno, Veba, imadziwika ndi nsalu zonyezimira zimene zimagulitsidwa kwambiri m'mayiko a kumadzulo kwa Africa, kumene amasokera mikanjo ya pazikondwerero. Ndinawafotokozera kuti Malawi ali kutali ndi kumeneko kuposa mmene Broumov ilili ndi Lisbon ku Portugal, koma iwo anandigwirabe chanza kawiri ngati kasitomala wakale.

Loweruka, Hvězda ndi Šonov

M'mawa ndinayenda wapansi kupita ku Hvězda, pamwamba pa mzere wa matanthwe a mchenga umene umatchinga chigwa cha Broumov. Njira za oyenda pansi m'dziko lino n'zolembedwa bwino kwambiri: pamitengo ndi pamiyala amapakapo mizere itatu, woyera pamwamba ndi pansi, wautoto pakati, ndipo munthu amangotsata mtundu wake. Ndinadutsa mudzi wa Křinice, wa nyumba zikuluzikulu za alimi zomangidwa mozungulira bwalo, zina zokonzedwa bwino, zina denga litagwera m'kati. Chigawo chomaliza ndi chokwera kwambiri, pamiyala yoterera ndi mvula ya dzulo, ndipo maondo anga anadandaula njira yonse. Pamwamba pali kachalitchi ka mu 1733 kamene Dientzenhofer yemwe uja anakamanga mooneka ngati nyenyezi, ndipo munthu akaima m'mphepete mwa thanthwe amaona chigwa chonse, midzi italowa m'mbali mwa timitsinje, nsanja za matchalitchi zitatulukira apa ndi apo.

Matchalitchi amenewo ndi amene anandipititsa ku Šonov madzulo. Amonke, makamaka pa nthawi ya Otmar Zinke, anamangitsa matchalitchi a Baroque m'midzi yawo, ku Šonov, Otovice, Božanov, Heřmánkovice, Ruprechtice, Vižňov, Vernéřovice ndi kwina, ndipo ambiri anawajambula ndi Kilián Ignác Dientzenhofer kapena bambo ake, Kryštof. M'nyengo yotentha mumachitika makonsati a nyimbo zachikale pansi pa chikondwerero chotchedwa Za poklady Broumovska, chimene cholinga chake china ndi kukumbutsa anthu kuti nyumba zimenezi zikufunika kukonzedwa. Basi yobwerera usiku panalibe, ndipo ndinali nditataya kale mtima pamene banja lina la ku Hradec Králové, limene likugona m'kholido yathu yomweyi, linandimva ndikufunsa pamalo olandirira alendo n'kundiuza kuti m'galimoto mwawo muli malo. Mayiwo anandiyang'ana malaya n'kubwerera kuchipinda kukanditengera bulangete. Ndinkaona ngati akukokomeza, popeza kunja kunali kotentha.

Tchalitchi cha Margaret Woyera cha ku Šonov chinaima chokha pakati pa minda, kutali ndi nyumba za m'mudzi, ndipo magalimoto anaima m'mphepete mwa msewu wafumbi. M'kati munali kuzizira kolowa m'mafupa, ndipo bulangete lija ndinalifunda nyimbo yoyamba isanathe. Kuno kulibe kunyezimira kwa m'tchalitchi cha amonke. Pulasitala anasupuka m'malo ambiri, m'munsi mwa makoma muli mabala a chinyezi, ndipo mabenchi ndi odyeka ndi tizilombo. Koma oimba a zingwe atangoyamba, ndinamvetsa chimene mmisiri uja ankadziwa: makoma opindika amanyamula mawu n'kuwafikitsa kumbuyo kwenikweni popanda chokuzira mawu chilichonse, moti ndinkamva ngakhale kupuma kwa woimba asanakoke uta pa zingwe. Anthu anadzaza mpaka ena anakhala pamasitepe.

Pobwerera ndinafunsa bambo amene ankayendetsa galimoto ngati anthu onse aja amapemphera m'matchalitchi amenewa Lamulungu. Anapukusa mutu. Anati anthu amene makolo awo anamanga ndi kubatizidwa m'menemo anachotsedwa nkhondo itatha, amene anabwera m'malo mwawo analibe manda kapena chikumbukiro chowamangirira ku nyumbazo, ndipo zaka 40 za chikomyunizimu zinamaliza zotsalazo. Czechia lero ndi limodzi mwa mayiko a ku Ulaya kumene anthu opembedza ndi ochepa kwambiri. Iwo eni sapemphera, koma amabwera chaka ndi chaka ndipo amaponya ndalama m'bokosi la zokonzera. Kwa ine, amene ndinazolowera tchalitchi chodzaza mpaka ena kuima pamawindo, kuwomba m'manja chifukwa cha vayolini patsogolo pa guwa la nsembe kumandikhalabe kwachilendo. Koma mabala a chinyezi aja ndinawaona ndi maso anga, ndipo nyumba imene chitseko chake sichitsegulidwa imadyedwa ndi madzi mwakachetechete. Ngati chotsegulitsa chitseko ndi vayolini, ine sindingaikane.

Lamulungu, m'munda wa amonke

Miyendo yakana ulendo wina uliwonse, choncho tsiku lonse ndakhala m'munda wa amonke, umene munthu amaufika powoloka mlatho wamiyala wochokera kunyumba yaikulu. Kulowa ndi kwaulere, ndipo apa ndi pamene ndaona anthu a m'tauni muno enieni, osati alendo okha: amayi okankha ana m'tingolo, achinyamata ogona pa udzu, agogo owerenga nyuzipepala pansi pa mitengo ikuluikulu. Mundawu ndi mbali zina za nyumbayi zinakonzedwa ndi thandizo la ndalama za European Union, ndipo pamalo pamene kale ankasungapo nkhuni tsopano pali holo yotchedwa Dřevník, mmene mumachitikira makonsati, zisudzo ndi misonkhano. Palinso kanyumba ka zithunzi ndi malo amene olemba mabuku amadzakhalako milungu ingapo kuti alembe mopanda chosokoneza. Ndinamwa khofi wa makoruna 60 pamalo ogulitsira khofi amene anawapatsa dzina la Dientzenhofer.

Kayendetsedwe kake kandichititsa chidwi. Nyumbayi idakali ya amonke a Benedict Woyera, ndipo amene amaiyang'anira ndi a ku Břevnov, koma ntchito za tsiku ndi tsiku zili m'manja mwa bungwe la anthu a kuno lotchedwa Agentura pro rozvoj Broumovska. Broumov ili ndi anthu pafupifupi 7,000 okha, ili kumapeto kwa njanji, ndipo achinyamata ambiri amapita kukafuna ntchito kumizinda. Ngakhale zili choncho, tauniyi inalimba mtima n'kupikisana nawo kuti ikhale likulu la chikhalidwe la ku Ulaya la chaka cha 2028, ndipo inafika m'ndime yomaliza, kumene mu 2023 inagonja kwa České Budějovice, mzinda woiposa kukula kakhumi ndi kupitirira. Mnyamata amene anandigulitsa khofi ananena za kugonjako mopanda chisoni, nati chimene chinatsala ndi chakuti anthu a m'tauni anazolowera kukumana ndi kukangana za tsogolo lawo, ndipo malo okumanirawo ndi ano.

Ndili pabenchi ndinakumbukira ku Mua, m'boma la Dedza, kumene ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1902, ndipo mu 1976 bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zachikhalidwe a KuNgoni, okhala ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare. Nakonso alendo amalipira pakhomo la malo a mpingo kuti aone zosema ndi kumva mbiri. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mua belu likalira anthu amabwerabe ku Misa, pamene kuno nyumba inayenera kufunafuna anthu atsopano eni ake atachotsedwa. Anthu atsopanowo ndawaona lero, ndipo ena mwa iwo ndi ana amene ankaphunzira kulemba ndi nthenga ya tsekwe m'chipinda china chapansi, manja ali bii ndi inki, aphunzitsi awo akuwaletsa kupukutira m'malaya.

Lolemba, kuchoka

Ndabweza kiyi m'mawa, ndipo bulangete lija ndalisiya pamalo olandirira alendo ndi kakalata kothokoza, chifukwa eni ake anali atatuluka kale kupita kumatanthwe. M'kholido yapansi antchito ankanyamula mipando ndi matebulo kukonzekera msonkhano wa aphunzitsi, ndipo mmodzi anandipempha ndi maso kuti ndimugwirire chitseko, chimene ndi cholemera moti ndinachita kutsamira ndi phewa. Ndasankha kubwerera pa basi mpaka ku Náchod kuti ndione njira ya pamwamba pa mapiri kudzera ku Police nad Metují, kumene amonke omwewa anayambira asanafike ku Broumov. Dalaivala analibe chenji cha ndalama yanga yapepala, ndipo mtsikana wina wasukulu amene anali kumbuyo kwanga anandisinthira ndi ndalama zachitsulo za m'thumba mwake. Msewu ndi wokhotakhota ndipo kulemba kukundivuta, choncho za ku Náchod ndilemba ndikafika ndi kupeza malo ogona.